Mwana akundiitana ku Joni, koma mtima uli kudimba

Lero sindilemba za mtengo wa mbuzi pa msika wa Bangula, kapena za mvuu zimene zatilawira mbatata. Pali nkhani imene yandisowetsa tulo masabata atatu tsopano. Mayi a kunyumba akuti ndikumayankhula ndekha usiku ngati wogwidwa malungo, ndiye ndati bola ndiyitule pano, mwina mtima upepuka.

Mwana wanga wachisamba, amene ambiri mukumudziwa, ali ku Cape Town. Amagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba za anthu. Tsiku lina madzulo anaimba foni pa WhatsApp nkunena kuti, "Bambo, mwavutika mokwana. Mnzawo wa abwana anga ali ndi kafamu kunja kwa tauni, akufuna munthu wachikulire wodziwa mbuzi ndi ndiwo zamasamba, wosamwa mowa. Ndawauza za inu. Ya basi nditumiza pa Mukuru, inu mungokwera." Ndinayamba ndaseka, nkumuuza kuti iwe, ine wa zaka 56 ndikayambe utchona lero? Koma foni itaduka kuseka kunatha. Ndinakhala pa khonde mpaka udzudzu unandithamangitsa.

Ndisakunamizeni, mwanayo sakulakwa. Tiyeni tiwerenge limodzi, inu a kuno ndinu mboni. Januwale 2015 madzi anatipeza usiku, nyumba inagwa, tinakagona pa sukulu. Malichi 2019 kunabwera Idai. Januwale 2022 kunabwera Ana, uja anaononga ku Kapichira dziko lonse nkukhala mu mdima. Tisanapume, Malichi 2023 Freddy. Ameneyu anandisiyira mchenga wofika m'mawondo pa theka la dimba langa, malo amene bambo anga ankakololapo chimanga chodzaza ngolo. Chaka chino cha 2024 madzi sanabwere, kwabwera dzuwa. Mapira amene timati sagonja anapserera ali m'chiuno, mpaka boma linalengeza kuti kuli ngozi ya chilala m'maboma 23. Pakati pa zonsezi, Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndalama ya thonje imene ndinasunga m'chitini inasanduka ya sopo ndi mchere basi. Munthu ukafika pomawerenga zaka ndi maina a namondwe, mwana wako akakuuza kuti tiyeni kuno, sungamutukwane.

Ndiye ndinakhala pansi nkuyamba kuyeza ngati pa sikelo ya thonje.

Mbali yopita ndi yolemera ndithu. Malipiro a pamwezi, mvula igwe isagwe. Randi ikasinthidwa kuno imachuluka. Malata amene ali pa nyumba yangayi si thonje linagula ayi, ndi mwana yemweyo. Mdzukulu wanga wamkazi wasankhidwa kupita ku sekondale, akufunika yunifolomu, nsapato, makope ndi ndalama ya m'thumba. Mayi a kunyumba ali ndi ngongole ku banki mkhonde imene tinatenga pogula chimanga mwezi wa Febuluwale. Ndikapita zaka ziwiri zokha, zonsezi zitha, mwinanso nkugula ng'ombe ziwiri kubwezera zimene zinapita ndi madzi. Usiku woyamba ndinagona nditapita kale mumtima. Ndinafika mpaka potulutsa pasipoti imene mwanayo anandikakamiza kupangitsa zaka zapitazo, nkuyipukuta fumbi.

M'mawa ndinapita kukawauza mayi anga ondibala. Maso awo saonanso bwino koma mutu ulipo wonse. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Bambo ako anapitanso." Basi, mawu omwewo. Koma ine ndinamva zonse zimene sananene.

Achinyamata simukudziwa, Joni sanayambe ndi inu. Bambo anga anapita ku migodi pa Wenela ine ndili wakhanda. Dzina lija mumatchula pa depoti ya mabasi ku Blantyre linachokera kumeneko, ndi pamene ankalembera anthu opita ku migodi. Mu 1974 ndege imene inanyamula anthu obwerera kumudzi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Amalawi oposa 70 anafera pomwepo, ndipo Kamuzu analetsa zolemba anthu a ku migodi. Bambo anabwera nthawi imeneyo ndi njinga, wailesi, bulangete lolemera ndi sutikesi yachitsulo. Mudzi wonse unabwera kudzaona. Ine ndinathawa kukabisala kuseri kwa nkhokwe chifukwa sindinkawadziwa. Anabweranso ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka tinawaika m'manda. Njinga inatha, wailesi inafa, sutikesi ija ilipo mpaka lero, timasungiramo mbewu kuopa makoswe. Chimene chinatilera ife ana asanu ndi mmodzi ndi dimba limene mayi anakana kulisiya pamene bambo kunalibe.

Nanga mwana wangayo, amene akundiitana lero? Iyeyu anayambira ku Durban. Epulo 2015, ife tikadali m'matenti chifukwa cha madzi, kumeneko kunabuka zothamangitsa alendo. Anathawa usiku osatenga kanthu, anagona pa kampu masiku angapo, nkubwera pa mabasi amene boma linatumiza kukatenga anthu athu. Anafika pano ndi kachikwama kamodzi ndi nsapato za eni ake, kudzapeza kwawo kulibe nyumba. Ndimakumbukira tinakhala pansi pa mtengo ine ndi iye, wina wothawa madzi, wina wothawa anthu, tonse manja lende. Patapita zaka ziwiri anapitanso, ulendo uno ku Cape Town, ndipo Mulungu wamuyang'anira. Koma nditamufunsa pa foni kuti kodi zija zinatheratu, anangoti, "Kuno nkwabwinoko, bambo, bola kuyenda mochenjera." Mawu akuti mochenjera amenewo ndawatafuna masiku ambiri.

Ndinamufunsanso za mapepala, paja safunsa anadya phula. Ulendo wake ndi wodzera pa Mwanza, kulowa Zobwe, kuoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, mpaka pa Beitbridge, masiku awiri kapena atatu uli khwinyi mu basi. Pa chipata amakudindira masiku 30 ochezera, osati ogwirira ntchito. Akatha masikuwo ndiwe munthu woyenda ukuyang'ana kumbuyo. Akakugwira ndi ku Lindela, kumene amasungira anthu odikira kubwezedwa kwawo. Mnyamata wa zaka 25 akhoza kuthamanga akaona galimoto ya apolisi. Ine bondo lamanzereli limalira ndikangokwera njinga kupita pa Sorgin. Chingerezi changa ndi cha Sitandade 6, chothera pa moni. Ndikadwala kumeneko, adzandiphikira phala ndani? Ndipo tisabisane, tonse taona ngolo zija zokokedwa ndi minibasi zikubwera ndi bokosi kuchokera ku Joni, anyamata atasonkherana kuti mnzawo akagone kwawo. Mtolo umenewo sindikufuna kuusenzetsa mwana wanga.

Pali munthu wina amene wakhala akundibwerera m'maganizo masiku onsewa. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, cha m'ma 1986 kupita mtsogolo, anthu anakhamukira kuno ku Nsanje ochuluka zedi, ena m'makampu, ena m'midzi mwathu momwemu poti chilankhulo ndi chimodzi ndipo ambiri ndi abale. Pakhomo pathu panafikira bambo wina wachikulire ndi banja lake. Kwawo anali munthu wa ng'ombe zake ndi minda yake, koma kuno ankalima ganyu kwa anthu amene akanakhala antchito ake. Sankadandaula. Madzulo aliwonse ankakhala pa chulu kuyang'ana kutsidya kwa Shire. Ine ndili mnyamata ndinawafunsa kuti kodi mumaona chiyani kumeneko. Anati, "Ndikuona ngati mvula yagwa pa munda wanga." Mtendere utabwera mu 1992 sanadikire nkomwe galimoto zobwezera anthu, anamanga katundu nkuoloka pa bwato. Nthawi imeneyo ndinkati nkhalambayi yapenga, kusiya ufa wolandira kukayamba kugwetsa tchire. Lero ndafika pa msinkhu wawo ndipo ndikuwamva.

Komatu musandimve molakwa. Sindikunena kuti opita ndi opusa. Pa mzere wathu uno nyumba za njerwa zootcha ndi malata, zambiri ndi za Joni. Maliro akagwa, ndalama yoyamba kufika ndi ya ku Joni. Ndipo ife a kuchigwa kuno kusamuka sitikuphunzira lero. Ena makolo awo anachokera ku Zambezi, ena anatsikira ku Nchalo kukadula nzimbe, ena boma linawauza kuti achoke ku Makhanga akakhale kumtunda. Ngakhale chaka chathachi tamva achinyamata akukwera ndege kukalima ku Israel. Munthu amatsata kumene kuli chakudya, palibe tchimo pamenepo. Funso langa ndi lakuti, ine, pa msinkhu uno, ndi zimene ndili nazo m'manja, ndipite kapena ndikhale?

Amene anandithandiza kumaliza ndi mayi a kunyumba. Masiku onsewa anali chete, ndipo inu okwatira mukudziwa kuti chete wa mzimayi ndi msonkhano. Tsiku lina tikuchokera kudimba, khasu paphewa, anati, "Bambo ake, ine sindikukuletsani. Koma mundiuze zinthu zitatu. Mvuu zikabwera usiku, akagone ku nsanja ndani? Madzi akadzabwera, amayi anu adzawabereka ndani? Nanga malire a dimba, mwaiwala kuti a kumadzulo aja anasuntha kale kawiri inu muli pompano?" Ndinalibe poyankha. Aliyense wa kuno akudziwa kuti madzi akaphwa malire amasowa, ndipo mwini munda akakhala kulibe, mlandu kwa amfumu umakomera amene waima pamundapo. Ndikhoza kubwera ndi randi patatha zaka zitatu nkupeza dimba latsala ngati mphasa. Ndiye ndidzadya randiyo mpaka liti? Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndinayendanso dimba lonse ndekha m'mawa mwake. Theka lija la mchenga layamba kumera udzu, kusonyeza kuti nthaka ikubwerera pang'onopang'ono. Theka linalo Freddy yemweyo analisiyira dothi lakuda lonona, chimanga cha m'chilimwe chimakula popanda feteleza. Madzi ali pafupi, ukakumba pang'ono wawapeza. Chimene chimandipha ndi kuthirira ndi khenu, msana sukulolanso. Akuti ngalande yaikulu ija akukumba kuchokera ku Kapichira idzafika mpaka kuno ku Bangula, koma ine ndaphunzira kusawerengera nsomba zili m'madzi.

Ndiye Lamlungu titaweruka ku tchalitchi ndinamuimbira mwana uja. Ndinati, "Mwana wanga, wandilemekeza, ndipo abwana akowo uwathokoze. Koma ndalama ya basi ija usatumize ya basi. Uwonjezere pang'ono, ine ndigulitsa mbuzi zinayi, tigule pampu ya sola ndi mapaipi. Undipatse zaka ziwiri. Ndikalephera ndi madzi ali m'munda, ndidzakuuza ndekha kuti ndalephera." Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinayesa netiweki yathawa. Kenako anati, "Bambo, madzi akadzabweranso nkutenga pampuyo?" Ndinamuuza zoona, kuti yankho ndilibe. Pampu ndidzayinyamula pa njinga kukwera nayo kumtunda mvula ikayamba, koma Shire akafuna chinthu safunsa. Ndikudziwa kuti sanakondwe. Iye amaona bambo ake akukalamba pa dzuwa la Okutobala lino, loti ngakhale abuluzi amabisala, ndipo akufuna kundichotsapo. Ine ndimaona iye akukalamba m'dziko la eni, ndipo ndikufuna akadzatopa adzapeze pofikira. Tonse tikukokerana chifukwa cha chikondi chomwecho.

Pasipoti ija ndayibwezera mu sutikesi ya bambo, pamwamba pa mbewu ya mapira. Sindinayitaye, ndipo sindikulumbira pamaso panu kuti sindidzayitulutsanso. Mwina Malichi akubwerayu ndidzalemba zina pano ndili pa sukulu ndi mabulangete olandira. Koma chaka chino ndilipo, ndipo mawa m'mamawa ndikukayamba kukonza mabedi a anyezi ndi tomato.

Inu amene muli ku Joni, ku Tete, ku Lusaka ndi kwina konse, ndikupempheni kanthu kamodzi. Mukamatumiza zithunzi mutavala majekete pafupi ndi galimoto za abwana, muziwauzanso ana a kuno za chipinda chimene mumagonamo anthu asanu, ndi za lendi, ndi za masiku amene mumadzuka osadziwa ngati ganyu ipezeka. Asankhe akudziwa zonse. Ndipo inu a m'tauni, wina akadziwa kumene ndingapeze pampu ya sola yolimba, yosafa mwezi umodzi, andiuze msanga mbuzi zisanatsike mtengo. Mlamu wanga wa ku Ndirande, nkhaniyi ikukukhudzani, musangoika chala chokweza nkudutsa.

Mugone bwino nonse. Ine ndikupita ku nsanja, mwezi wawala ndipo mvuu sizichedwa.