Golosale ya Kale, Geni ya Lero

Inu amene munakula m'zaka za m'ma 1970 simunaiwale fungo la m'golosale ya pamudzi: palafini, sopo wamtanda, mchere wonyowa m'thumba la pakona, ndi masikono a dzana m'kabati yagalasi. Mwini wake ankayeza palafini ndi kabotolo, shuga n'kumukulunga m'pepala, ndipo asanakufunse chimene wadzera ankayamba wafunsa za agogo ako. Ambiri mwa eni magolosale amenewa anali obwera ku Joni, amene anafika ndi njinga, makina osokera a Singer, ndi kandalama kosungidwa movutikira.

M'zaka zomwezo boma la Kamuzu linalamula amwenye kuti achoke m'madera akumidzi, azikachita malonda m'mizinda ikuluikulu. Masitolo awo anagwera m'manja mwa Amalawi, ndipo Chipiku inalipo yoti azikapikulako katundu. Anthu anati mwayi ndi umenewu, poti nyumba ilipo, mashelefu alipo, ogula aliponso. Sipanapite zaka zambiri, ochuluka mwa masitolo aja anatsekedwa, pakhonde n'kungotsala telala ndi makina ake. Eni atsopanowo ankaganiza kuti sitolo ndi nyumba yodzaza katundu. Sanaone kuti mwini wakale uja anali ndi anthu omukongoza katundu ku Limbe, kuti ankalemba tambala iliyonse m'buku, ndiponso kuti sopo wa pa shelefu sankalowa m'nyumba mwake popanda kulembedwa.

Lero mnyamata safunanso khonde. Sitolo yake ili m'thumba la buluku. Ajambula nsapato zochokera ku Kariakoo ku Dar es Salaam, aziika pa WhatsApp, ndalama ilowa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, katundu n'kumutumiza pa kabaza. Ndimasilira zimenezi, chifukwa bambo wa golosale uja ankapalasa njinga tsiku lathunthu kukaoda makatoni awiri. Koma ana inu, kulemba pa Facebook kuti ndinu mkulu wa kampani musanagulitse ndi sokosi imodzi yomwe, mwafulumira. Ndipo nyimbo yanu ndi yomwe ija ya atate anu: ndikanakhala ndi mpamba, bwenzi ndili patali.

Mpamba ngofunika, palibe angatsutse. Koma wabwerapo kangapo m'dziko muno. Kunali SEDOM m'zaka za m'ma 1980, kunabwera MARDEF mu 2005, kenako tinamva za NEEF. Ena anapindula nazo ndithu ngongole zimenezi. Ena ambiri anaziyesa mphatso ya boma, ndipo ndalama yoti ikaode katundu inagula malata, ina inathera pa maliro ndi pa fizi. Sindikuwaweruza, chifukwa pakhomo pamene pali njala n'kovuta kuuza mwana kuti ndalama ili m'kathumbayi si yathu, ndi ya geni. Komabe bizinesi zambiri zimafera pomwepo, mpamba ukadali watsopano.

Tisadzinamize ife akuluakulu kuti kale anthu ankazimvetsa zinthuzi. Munthu akangotsegula chigayo, chikamayenda bwino, mudzi wonse unkanong'onezana kuti wakhwima. Mwana wake akadwala, anthu ankati si izo. Palibe ankanena zoti munthuyo amadzuka tambala woyamba, amasunga lamba wina wapadera, amadziwa dizilo amene wathera pa thumba lililonse. Timakondanso kunena kuti kale anthu anali okhulupirika. Kabuku ka ngongole ka m'golosale kakanatha kuyankhula, kakanatichititsa manyazi. Munali amalume, alamu, aphunzitsi odikira kutha kwa mwezi, ndi amfumu amene sukanawakumbutsa n'komwe. Chikwangwani chija chonena kuti ngongole ndi mawa sichinakhomedwe chifukwa cha anthu achilendo.

Wageni wa lero sakamba kwambiri za zizimba, koma ali ndi chikhulupiriro chake: akuti ukayamba bizinesi ndiye kuti wamasuka, palibe wokulamula, udzuka nthawi imene wafuna. Walira mvula walira matope. Kafunseni amayi ogulitsa mandasi pa depoti kuti moto amakoleza nthawi yanji, ndi kuti tsiku limene adwala malungo amawalipira ndani. Wa pantchito ali ndi bwana mmodzi, pamene wageni amamvera mwini nyumba, a khonsolo otolera ziphaso, wopikulitsa katundu, ndi kasitomala aliyense amene angabweze diresi poti silinafanane ndi la pa chithunzi.

Pali chinthu china chimene achinyamata akulimbana nacho chimene ife sitinachidziwe kwenikweni. Kwacha itangoyamba mu 1971, mtengo wa sopo unkakhala womwewo kwa nthawi yaitali, moti mwana ankatumidwa ndi ndalama yokwanira ndendende. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anagulitsa katundu yense pa mtengo wakale, akusangalala kuti malonda ayenda, anakafika kopikula n'kupeza kuti ndalama yonse, mpamba ndi phindu lomwe, sikukwanira kubwezeretsa zimene zinali pa shelefu. Masiku ano phindu limadziwika ukamaliza kuoda katundu wina. Amayi a banki mkhonde anazizindikira msanga zimenezi, n'chifukwa chake amawerenga ndalama pamaso pa gulu, kulemba m'buku, ndi kulipitsa chindapusa aliyense wochedwa, ngakhale akhale mlamu wa wapampando.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kutengerana. Kale golosale inkakhala imodzi m'midzi itatu, ndiye ngakhale yosayendetsedwa bwino inkapirirako. Lero mnzako akaika kakanyumba kotumizira ndalama pa foni n'kuoneka ngati akupeza, mwezi wamawa pamakhala tinyumba tisanu pa mzere umodzi, ta utoto wofanana, tikulimbirana anthu omwe aja. Chimodzimodzi chiwaya cha tchipisi, chimodzimodzi mabelo a kaunjika. Aliyense wa iwo anakongola ndalama atangoona mnzake akuwerenga makwacha madzulo, osamufunsa kuti mwa ndalamazo zake zenizeni ndi zingati.