Pulogalamu imene inatsala pang'ono kusandutsa bambo anga mbava

Bambo anga akhala akulemba makilo a masamba a tiyi kuyambira ine ndisanabadwe. Anayamba ngati kalaliki wa pasikelo pa esiteti ina kwathu ku Thyolo, ndipo atapuma ntchito, gulu la alimi ang'onoang'ono a m'dera lathu linawapempha kuti azilisungira mabuku. Alimiwa ali ndi timinda tawo ta tiyi m'mphepete mwa maesiteti. Amathyola masamba, kuwayeza pashedi, thirakitala n'kuwatengera kufakitale, ndipo mwezi ukatha fakitale imatumiza ndalama za gulu lonse pamodzi. Ntchito ya bambo ndi kugawa: uyu anabweretsa makilo akutiakuti, tichotsepo ngongole ya feteleza, tichotsepo chopereka cha gulu, zotsalazo ndi zake. Munthu wogwira ntchito yotereyi chuma chake ndi mbiri yabwino basi.

Mbiriyo inagwedezeka kumayambiriro kwa 2024. Mukukumbuka kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Patapita nthawi mtengo wa kilo ya masamba unakwezedwa, ndipo bambo anatsegula laputopu ya gulu, n'kulemba mtengo watsopano pamalo pake m'pulogalamu yowerengera malipiro. Mwezi utatha, amayi awiri oyandikana nyumba anayerekeza timapepala tawo ta malipiro. Makilo awo anali pafupifupi ofanana. Mmodzi anali ndi ngongole ya feteleza, winayo analibe. Wangongoleyo atabwezera ngongole yake pa ndalama zimene analandira, masamu anakana, ndipo anakana ndi ndalama zambiri ndithu. Pofika Lamlungu nkhani inali itafika kutchalitchi. Amayi anga anasiya kupita kuchigayo masana.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti bambo sanathe kudziteteza. Ankangoti, "Kompyuta ndi imene yawerengera." Kwa mlimi amene wakhala m'munda kuyambira mbandakucha, mvula ikumukwapula, dengu lili kumsana, yankho limenelo limamveka ngati chipongwe.

Pulogalamuyo anailemba mnyamata wina wa kwathu komweko zaka zingapo zapitazo, ndipo anagwira ntchito yabwino, chifukwa kale bambo ankagona pakati pa usiku ndi kalikyuleta. Mtengo ukasintha, mnyamatayo ankabwera yekha kudzakonza. Kenako anapita ku Johannesburg, nambala yake n'kusiya kugwira. Mwayi wathu unali umodzi: anasiya source code, mawu enieni amene munthu amalemba pouza kompyuta zochita, mu flash disk imene bambo ankaisunga m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi makadi athu a kusikelo ya ana.

Ine ndimaphunzira mabuku ndi mbiri yakale, za makompyuta ndimadziwa kutayipa asayimenti. Koma achimwene anga, mwana wa amayi aakulu, anaphunzira zimenezi, ndipo tonse tinapezeka kumudzi nthawi imodzi. Anandiuza kuti ndikhale pambali pawo ndizilemba zimene akupeza. Ndi mmene ndinadziwira kuti anthu a makompyuta ali ndi nkhawa yaikulu imene amaitcha maintainability. Tanthauzo lake ndi funso losavuta: pulogalamu ikafuna kukonzedwa kapena kusinthidwa, kodi munthu wina, osati mwini wake, angathe kuimvetsa n'kuisintha osaononga zina? Ndipo zingamutengere masiku angati?

Ndinadabwa kumva kuti chinthu chimenechi amachiyeza ndi manambala. Mu 1976 Thomas McCabe anabweretsa njira yowerengera mphambano za m'kati mwa code. Paliponse pamene pulogalamu ikunena kuti "ngati zili chonchi chita ichi, apo ayi chita icho", pamenepo pali mphambano. Uwerenge mphambano zonse m'kachigawo kamodzi, uwonjezerepo imodzi, wapeza nambala imene amaitcha cyclomatic complexity. McCabe analangiza kuti kachigawo kamodzi kasapitirire 10. Chaka chotsatira Maurice Halstead anatulutsa njira yake yowerengera mawu ndi zizindikiro za mu code. Mu 1992 Paul Oman ndi Jack Hagemeister a ku University of Idaho anaphatikiza miyeso iwiriyi ndi kuchuluka kwa mizere, n'kupanga nambala imodzi yotchedwa Maintainability Index. Pulogalamu yathu inalembedwa mu Visual Basic, choncho achimwene anaitsegula mu Visual Studio ya Microsoft, imene imawerengera nambalayi yokha kuyambira 0 mpaka 100. Kuyambira 20 kupita m'mwamba imaonetsa mtundu wobiriwira, 10 mpaka 19 wachikasu, pansi pa 10 wofiira.

Chigawo chimodzi chinatuluka chofiira ngati tsabola. Chinali ndi mizere mazanamazana, ndipo chinkachita zonse: kuwerenga makilo, kuchotsa kulemera kwa thumba, kuchotsa gawo la madzi masamba akanyowa ndi mvula, kuwerengera ndalama, kusindikiza pepala. Mphambano zake zinapitirira 10 wa McCabe kangapo konse. Tonse tinati mfiti tayigwira. Achimwene anakhala nacho masiku awiri, akujambula mivi papepala, magetsi akathima n'kumawerenga zimene anajambula pafoni. Chinali chonyansa kuwerenga, koma masamu ake anali olondola.

Cholakwa chinali m'kachigawo kakang'ono kobiriwira bwino, ka mizere yosakwana khumi. Zikuoneka kuti gulu litayamba kubwereketsa feteleza, mnyamata uja anaopa kukhudza chigawo chachikulu chija. Anangokopera kachidutswa kowerengera ndalama, n'kukaika pena kuti kazigwira ntchito pa alimi angongole okha. M'kachidutswako mtengo wa kilo sunkatengedwa pamalo pamene bambo amalembapo. Unalembedwa ngati nambala, m'kati mwenimweni mwa code, pafupi ndi dzina lakuti x2. Mwini wake ankadziwa kuti mtengo uli pawiri ndipo ankasintha ponse pawiri. Chidziwitso chimenechi chinali m'mutu mwake, ndipo mutuwo unakwera basi. Zotsatira zake, alimi angongole, amene ndi osaukitsitsa m'gulu, ankalipidwa pamtengo wakale, ndalama zawo zotsala zili phee mu akaunti ya gulu popanda wozidziwa mwini.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena a sayansi amene amakhulupirira kuti chimene chayezedwa chadziwika. Sindikunyoza manambala aja. Anatiuza zoona kuti chigawo chachikulu chija n'choopsa, ndipo kuopsa kwakeko ndi kumene kunachititsa mnyamata uja kukopera m'malo mokonza. Koma nambala ija siwerenga mayina. Kwa iyo x2 ndi mtengoWaKilo n'chimodzimodzi. Imayeza kachigawo kalikonse pakokha, choncho mapasa awiri okopedwa onse amapambana mayeso. Aliyense wa ku Thyolo amadziwa zimenezi popanda kompyuta. Sikelo imanena makilo, koma sinena ngati m'dengu muli nsonga zanthete, masamba awiri ndi kamphukira, kapena makoko okhwima ndi timitengo. N'chifukwa chake pashedi pamakhalanso munthu wotapa masamba m'manja n'kuwayang'ana. Ngakhale muyezo wa padziko lonse wa ISO/IEC 25010, wa 2011, pofotokoza maintainability umatchula zinthu ngati kusavuta kufufuza vuto, kusavuta kusintha ndi kusavuta kuyesa. Zonsezi zimafuna munthu woti afufuze, asinthe, ayese.

Munthuyo ndinakhala ine, ndipo ndi ntchito yokhayo ya makompyuta imene ndinaigwirapo bwino chifukwa chosadziwa. Achimwene akalemba kachigawo mwatsopano ankanditembenuzira laputopu. "Tawerenga, undiuze kakuchita chiyani." Ndikanena molondola, kachigawoko kapambana. Ndikakakamira, ankasintha mayina kapena kukadula pawiri. Tinakangana nthawi yaitali ngati mayina akhale a Chichewa kapena a Chingerezi. Iwo ankati wodzakonza m'tsogolo anaphunzira code m'Chingerezi. Ine ndinkati mawu ngati "chopereka" ali ndi tanthauzo lake m'gulu limene "fee" salinyamula. Tinagwirizana kuti mayina akhale a Chingerezi, ndemanga zofotokoza zifukwa zikhale za Chichewa. Kusukulu amatiphunzitsa kufunsa kuti wolemba ankalembera yani. Mnyamata uja ankalembera kompyuta ndi iye mwini. Sanaganizire mlendo.

Muyeso wina unachokera kwa bambo. Anatulutsa buku lawo lakale lachikuto cholimba, nasankha alimi 20 osiyanasiyana: wangongole, wopanda ngongole, wobweretsa masamba onyowa, wina amene ngongole yake inaposa zokolola za mwezi umenewo. Anawerengera aliyense ndi cholembera. Achimwene anasandutsa mayankhowo kukhala mayeso oti kompyuta izidziyesa yokha nthawi iliyonse munthu akasintha kanthu. Tsopano wina akakhudza code n'kulakwitsa, buku la bambo limakuwa lisanafike tsiku la malipiro.

Kukonza cholakwa chenichenicho kunatenga mphindi zochepa. Vuto linabuka pamene achimwene anapempha komiti kuti iwalipire masiku ena oti aphwanye chigawo chachikulu chija m'tizigawo ting'onoting'ono, aike mtengo pamalo amodzi, ndi kusunga code mu Git kuti kusintha kulikonse kuzikhala ndi tsiku ndi chifukwa chake. Ntchito yotere amaitcha refactoring, dzina limene linafala ndi buku la Martin Fowler la 1999: kukonza m'kati popanda kusintha zimene pulogalamu imachita. Apampando anafunsa funso loyenera. "Ndiye mukatha, izichita chiyani chatsopano?" Achimwene anayankha kuti palibe. Anayesa kufotokoza fanizo la Ward Cunningham la 1992, lakuti code yolembedwa mothamanga ili ngati ngongole imene chiwongoladzanja chake umalipira pakusintha kulikonse. Mawu akuti ngongole sanathandize m'chipinda chimenecho mwezi umenewo.

Anawapulumutsa ndi agogo ena aakazi a m'komitimo, amene sanagwirepo kompyuta. Anati, "Apampando, inu tiyi wanu simudulira?" Aliyense anaseka, chifukwa yankho likudziwika. Tiyi ukamusiya amakula kukhala mtengo woti dzanja silifika. Pakapita zaka zingapo umamudula ndi mpeni mpaka kutsala zitsa, munda n'kuoneka ngati wapsa, ndipo kwa milungu yambiri suthyolamo kanthu. Palibe amene amafunsa wodulira kuti wabweretsa makilo angati. Maesiteti ngati Satemwa, amene anayamba mu 1923, afika lero chifukwa mibadwo ya anthu inkalipidwa kugwira ntchito imene tsiku limenelo sionetsa phindu. Komiti inavomera masiku asanu, osati khumi amene achimwene anapempha.

Mwina mukuti iyi ndi nkhani ya laputopu imodzi ya kumudzi. Koma milungu yomweyo wailesi inali yodzaza ndi nkhani ya mapasipoti. Boma linasaina mgwirizano ndi kampani ya Techno Brain mu 2019, ndipo mu Disembala 2021 loya wamkulu wa boma, a Thabo Chakaka Nyirenda, anauthetsa. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu ingapo, ndipo mu Febuluwale Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu alowerera makina a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ndipo akufuna dipo. Kenako ntchito inapatsidwa kwa kampani ya m'dziko momwe muno, E-Tech Systems. Ine pomvera ndinkangomva funso la m'chitini cha mabisiketi lija: makiyi ali ndi yani, ndipo wopanga akachoka, otsala angathe kutsegula n'kumvetsa? Timakonda mwambo wodula riboni pokhazikitsa makina atsopano. Wolemba mgwirizano azifunsanso kuti source code idzakhala m'manja mwa yani, ndipo bajeti yodulira ili pati.

Nkhani imene inandisowetsa tulo ndi ya ku Britain. Kumeneko Post Office inayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu ya Horizon, yopangidwa ndi Fujitsu, mu 1999. Pulogalamuyo inkaonetsa kuti ndalama zasowa pamene sizinasowe, ndipo pakati pa 1999 ndi 2015 oyang'anira mapositi ofesi oposa 700 anazengedwa milandu. Ena anamangidwa, ena anataya nyumba zawo. Makhoti anakhulupirira kompyuta kuposa anthu. Bambo anga anali ndi mwayi umene anthuwo analibe: code yawo inali yaing'ono, inali m'nyumba mwathu, ndipo panapezeka munthu wotha kuiwerenga pamaso pa onse.

Ndipo anaiwerengadi pamaso pa onse. Pamsonkhano wa gulu, pansi pa shedi yoyezera masamba, achimwene anakweza laputopu n'kuonetsa nambala yakale ija pafupi ndi x2. Ambiri sanaone bwino chifukwa cha dzuwa, koma msungichuma anawerenga ndalama zimene zinatsala mu akaunti, ndipo zinafanana ndendende ndi zimene alimi angongole anaperewedwa. Aliyense analandira zake mwezi wotsatira.

Chigawo chofiira chija anachiphwanya theka lokha, masiku asanu anatha. Mbali yochotsera madzi a mvula ikadali chimodzimodzi, ndipo pamwamba pake pali ndemanga ya Chichewa imene ndinalemba ine, yochenjeza wodzabwera kuti ayambe wayendetsa mayeso a m'buku la bambo. Achimwene tsopano akugwira ntchito ku Lilongwe. Mtengo wa masamba utasinthanso, bambo anausintha okha pamalo amodzi, kenako anatenga kalikyuleta n'kuwerengera alimi atatu pamanja asanasindikize timapepala. Mayi amene anayambitsa nkhani uja anabwera kunyumba ndi phava la nthochi. Amayi anga analandira nthochizo, koma mpando sanamupatse.