Injini ya amayi anga yabwera pa shedi

Anzanga a pa doko, pepani, ya leroyi ndi yaitali. Amene bandulo yatsala pang'ono muwerenge usiku, koma muwerenge ndithu.

Lachiwiri lapitali kunabwera mnyamata pa shedi panga atakweza injini pa wilibala. Yamaha 15 yakale, akuti ikumazima pakati pa nyanja. Nditatsegula chivundikiro manja anayamba kunjenjemera. Mkati mwake munali zilembo ziwiri za penti wa buluu, zofufutika pang'ono. Zilembozo ndinalemba ndine ndili Sitandade 7. Inali injini ya kwathu.

Ambiri mumandidziwa ngati makaniko basi, simudziwa kuti ndinayamba bwanji kugwira sipanala. Bambo anga anali ndi boti lamatabwa ndi chilimira, koma analibe injini. Alovi awo ankapalasa, ndiye pomwe iwo akufika pamene pali usipa, a mainjini anali atakoka kale. Amayi ndi amene anati izi zithe. Ankadzuka m'bandakucha kukagula usipa pa doko, kuufutsa, kuyanika pa thandala, kenako kukwera lole wa ku Limbe atakhalira matumba usiku wonse. Zaka zinayi akusunga ndalama ku banki m'khonde. Chitenje chatsopano sankachidziwa. Mu 2011 ndalama zitakwana anazimanga pa kansalu n'kupatsa bambo kuti akagule injini ku Blantyre. Bambo anakagula, ndipo wa m'sitolo analemba lisiti m'dzina la munthu amene anaima kutsogolo kwake. Palibe anaganizapo kanthu. Tsiku limenelo kwathu kunali mpunga ndi chambo.

Mu Julaye 2013, nthawi ya mwera, bambo anadwala sabata imodzi n'kutisiya. Maliro atatha, akuchimuna anatiitana pansi pa mtengo wa mango. Analankhula anali bambo aang'ono. Anati, “Alamu, inu tengani ziwiya, mphasa ndi ana anu. Boti, chilimira ndi injini zibwerera kwa eni mbumba. Kodi munthu wamkazi injini achita nayo chiyani?”

Amayi anayankha motsitsa mawu, “Alamu, ndalama za injiniyo zinali zanga. Doko lonse likudziwa.”

“Lisiti lili m'dzina la ndani?”

Panakhala zii. Anthu amene ankawaona amayi tsiku ndi tsiku pa thandala anangoweramitsa mitu. Akuluakulu a komiti ya pa doko analipo, onse amuna, ndipo anati za pabanja iwo salowerera. Madzulo ake injini inachoka pa phewa la msuweni wanga. Ine ndinakakamira sukulu mpaka Fomu 3, fizi inavuta, ndinayamba kutsuka mapulagi kwa amisiri. Mlongo wanga sanafike n'komwe ku sekondale.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi ichi: chaka chimenecho pulezidenti wa dziko lino anali mayi. Joyce Banda analowa mu Epulo 2012. Mayi akulamula asilikali ku Lilongwe, pomwe kuno kunyanja mayi wina akuuzidwa kuti sangakhale mwini wa injini ya 15.

Ndipo lamulo linalipo kale, aise. Ndinadzalidziwa mochedwa, pa wailesi. Malamulo aakulu a dziko a 1994, gawo 24, amanena kuti mayi ali ndi ufulu wokhala ndi katundu, payekha kapena pamodzi ndi ena, kaya ali pabanja kaya ayi. Mu 2011, chaka chomwe injini inagulidwa, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye. Lamulolo limati munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana, ndi amene ankadalira malemuyo. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu atha kulowa nawo kundende. Amayi akanapita kwa DC kapena kubwalo la majisitireti mwina zikanayenda mwina. Koma ndani akanawauza? Lamulo linali m'Chingerezi, m'mabuku a ku boma, ife tili pansi pa mango.

Agogo anga aamuna ankakonda kusimba za nthawi ya atsamunda, boma la Mangochi likadali Fort Johnston. Ankati makampani a azungu, makamaka Agiriki, ndiwo anali ndi maukonde akuluakulu ndi maboti a injini, ndipo asodzi akuda akadandaula kuti chambo chikutha mawu awo sankapita patali. Mu khonsolo yopanga malamulo ku Zomba munalibe munthu wakuda mpaka 1949. Za nyanja yathu ankagamula ndi anthu ena, ife tikungomvera. Nkhani imeneyi ikayamba pa bawo tonse timapsa mtima. Timapsanso mtima tikaona mipanda ya makoteji yatsekereza gombe pomwe makolo athu ankayanika maukonde. N'zoona, zimawawa. Koma taganizani: zomwe ankatichita chifukwa cha khungu, si zomwezo tikuwachita amayi athu chifukwa chovala chitenje? Kugwira ntchito agwire, thukuta likhale lawo, koma pa lisiti ndi pa mpando pakhale wina.

Yang'anani pa doko pathu pomwepa. Amene amagula nsomba, kufutsa, kuwamba, kupita nazo kumsika, ambiri ndi amayi. Ndalama ya mafuta a ulendo wa usiku nthawi zambiri alovi amakongola kwa amayi omwewo. Koma tikamasankha komiti ya pa doko, mayi timamupatsa usungichuma chifukwa akuti saba, upampando ayi. Ine ndemwe musandione ngati woyera. Chaka chatha mayi wina ataimika dzanja kuti akufuna upampando, ndinaseka nawo limodzi ndi anyamata. Wina anakuwa kuti munthu wosalowa m'boti angalamule bwanji asodzi. Ndinaseka, mwana wa mayi wolandidwa injini. Ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Mukufuna kudziwa kuti injini ija ndinatani nayo. Usiku wonse sindinagone. Maganizo ena ankati ithire mchenga mu giyabokosi, ena ankati ikanize, uitane apolisi. M'mawa ndinapita kwa amayi kukawauza. Anakhala chete nthawi yaitali akusankha usipa, kenako anafunsa, “Ikulirabe bwino?”

Ndinati kabuleta yatsekeka ndipo impela yatha, koma mtima wake ulipo.

Anati, “Ikonze, mwanangu. M'botimo mumakwera ana a eni, asakamire chifukwa cha ife. Koma ulipiritse mtengo wake wonse, usachotsepo ngakhale tambala.”

Ndinaikonza. Bambo aang'ono anabwera okha kudzaitenga, akalamba tsopano, tsitsi lonse mbuu. Anati, “Mwanawe, abambo ako ungawalipiritse chonchi?” Ndinati, “Bambo, mtengo ndi womwewo.” Analipira osandiyang'ana kumaso. Ndalamazo ndinakapereka kwa amayi zonse. Sizikufika ngakhale pa mtengo wa pulopela ndi thanki, koma aka kanali koyamba m'zaka zonsezi kuti injini ija iwabweretsere kanthu. Za kukhoti ndawafunsa, akuti aganize kaye. Chimene anganene ndidzawaperekeza.

Tsono pempho langa kwa inu mafana amene mwayamba kugula zida. Ngati mkazi wako waikapo ndalama pa boti, pa ukonde kapena pa injini, dzina lake lilembedwe pa lisiti pamodzi ndi lako. Lembani wilo. Sikuitana imfa ayi, ife timagona pa madzi usiku uliwonse, mwera sufunsa zaka. Ndi pepala lolembedwa bwino, losainidwa pamaso pa mboni ziwiri zomwe sizilandirapo kanthu, n'kulisunga pabwino. Ndipo pa shedi panga, kuyambira sabata ino, aliyense wogula injini yakale kudzera mwa ine ndizimufunsa kuti ndalama ndi za ndani ndisanalembe dzina. Mukakwiya, kwiyani.

Chisankho cha komiti chikubweranso. Mayi uja akaimikanso dzanja, langa lidzakhala m'mwamba.

Tumizani ku magulu ena a kunyanja. Amene muli ndi amayi amasiye kwanu, muwawerengere mokweza.