Mphindi za Pakati pa Chileka ndi Lumbadzi

Ife amene ntchito yathu ndi kuyendetsa ndege tili ndi miyeso iwiri ya ulendo: mtunda, umene Mlengi adauika kamodzi osausunthanso, ndi nthawi, imene timachita kukambirana ndi mphepo tsiku ndi tsiku. Kuchokera pa bwalo la Chileka ku Blantyre kufikira pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, lomwe lidatsegulidwa mu 1983, pali makilomita ngati 245 mumlengalenga, pamene wapagalimoto, wodzera pa mlatho wa Zalewa, ku Ntcheu ndi ku Dedza, amapyola makilomita 300 nataya panjira maola anayi kapena asanu.

Akulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, ndipo ulendo uno ndi kudumpha ndithu, pakuti ndege ya mapulopela awiri imautha pa mphindi ngati 40. Tisanamalize kukwera, Shire watsala kale m'mbuyo. Mzere wolunjika umadula ngodya ya Angónia m'dziko la Mozambique, phiri la Dedza likuonekera kudzanja lamanja. Ndipo mlendo asanatsirize tiyi wake, ine ndayamba kupempha a pansanja chilolezo chotsika. Palibe mpata wopumula manja monga pa maulendo aatali, chifukwa ntchito yonyamuka ndi yotera zimangolandirana.

Koma mphindi zimenezo sizinalembedwe pamwala. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, ndikamabwerera kummwera, mphepo ikandiomba kumaso imandibera liwiro, ndipo chiperoni chikakuta Blantyre ndi nkhungu yake ya mvula yowaza, ndimazungulira kumwamba kufikira bwalo litaoneka, kapena kutembenukira kumene ndachokera. Mu Okutobala mpweya wotentha umapepuka, makamaka ku Lumbadzi kumene kuli pamtunda wa mamita oposa 1,200, kotero kuti ndege yolemedwa imathamanga nthawi yaitali pansi isanadzuke. M'dzinja mitambo yamabingu imaima panjira, ndipo woyendetsa wanzeru salimbana nayo, koma amailambalala, ngakhale kutero kumuonjezere mtunda umene pamapu palibe.

Chifukwa chake, ndisanakwere m'ndege, ndimakhala pansi ndi lipoti la a zanyengo, kulemera kwa anthu ndi katundu, ndi pepala la mafuta, ndi kuwerengera zonse modekha, podziwa kuti safunsa adadya phula. Mafuta amene ndimalamula kuti athiridwe si a mphindi 40 zokha ayi: muli a ulendo weniweniwo, muli ozungulira podikira, muli okafikira pa bwalo lina ngati loyambalo latikana, ndiponso otsala amene lamulo limafuna kuti nditere nawo. Mlendo amawerenga nthawi yolembedwa pa tikiti, ndipo sindimtsutsa, pakuti masiku ambiri timaikwaniritsa. Koma ine ndiyenera kukonzekera tsiku limene nthawiyo sidzakwanira, ndi kufikitsa alendo onse amoyo ngakhale titachedwa.