Kalata kwa mphwanga: mmene uthenga unkayendera kwathu ku Karonga

Wokondedwa mphwanga,

Madandaulo ako ndawamva. Ukuti amayi akukukalipira popanda chifukwa, poti iwe unangoika chithunzi cha malemu abambo aang'ono pa status ya WhatsApp monga amachitira anzako onse. Chifukwa chilipo. Abambo aakulu ku Chilumba anamva za imfa ya mng'ono wawo kwa mnyamata wotchaja mafoni pamsika, wamthenga wa banja asanafike. Sindikufuna kukuwonjezera chisoni. Ndikufuna udziwe njira imene uthenga wadzera kwathuko, kuti umvetse chimene amayi amaona akayang'ana foni yakoyo.

Waya unafika ku Karonga kalekale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, kampani ya Cecil Rhodes inali itakokera telegalafu mpaka paboma, n'kupitirira nayo cha ku nyanja ya Tanganyika. Koma unali waya wa atsamunda ndi amalonda a Mandala. Agogo athu ali kumigodi ankadalira kalata, imene inkatha masabata ili panjira, ndipo ikafika ankawerenga ndi aphunzitsi, banja lonse litakhala pamphasa. Telegalamu ankalipira powerengera mawu, choncho munthu sankaitumiza pa nkhani yachabe. Ikangofika pakhomo, amayi achikulire ankayamba kulira isanatsegulidwe.

Uthenga wa maliro unali ndi mwambo wake. Akuluakulu ankakhala pansi n'kusankha munthu wodziwa kuyankhula, n'kumuuza woyamba kumva ndani, wachiwiri ndani. Iyeyo ankapalasa njinga, kufika, kulandira mpando, kulonjerana kaye, kenako n'kunena motsitsa mawu kuti odwala aja zavuta. Ankayang'ana nkhope ya womvayo, ndipo akaona kuti afooka ankawagwira. Ngakhale mauthenga achisoni a pa MBC ankapita kuwayilesi eni maliro atagwirizana. Ulemu umenewu ndi umene abambo aakulu anamanidwa. Upite ku Chilumba ukapepese pamaso, osati pafoni.

Palinso mantha. Amayi anakula nthawi ya a Kamuzu, pamene anthu ankakhulupirira kuti kalata zimatsegulidwa panjira, ndipo mawu olakwika m'basi ankatha kumugoneka munthu kupolisi. Ukamawamva akudula nkhani pafoni n'kunena kuti "tidzakamba ukabwera", si kuumira mayunitsi ayi. Anaphunzira ali mtsikana kuti mawu otuluka m'nyumba amakhala ndi mtengo.

Ife a msinkhu wanga tinakula zinthu zikutseguka. TNM inayamba chapakati pa zaka za m'ma 1990, Celtel n'kubwera mu 1999, ija inasanduka Zain kenako Airtel mu 2010. Kwathu zinafika mochedwerapo. Tinkaima pachulu kusaka netiweki, ndipo cha ku Kaporo ndi ku Songwe foni inkangolumphira netiweki ya ku Tanzania. Tinkafulasha kuti winayo aimbe, tinkadula mawu kuti akwane mu SMS imodzi. Intaneti tinkaipeza mu kafe, tikulipira pa mphindi, moti kalata ya imelo tinkayamba taikonza papepala kunyumba. Chivomezi cha mu Disembala 2009 chitagwetsa nyumba, ine ndili kuno ku Lilongwe, ndi kafoni ka mabatani kamene kanandiuza kuti inu nonse muli moyo ndipo mukugona panja. Iwe unali kumbuyo kwa amayi.

Chimene chinatisintha kwambiri ndi 20 Julayi 2011. Anthu anachita zionetsero ku Mzuzu, ku Karonga, ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo pafupifupi 20 anafa. MACRA italetsa wayilesi zomwe si zaboma kuulutsa zochitikazo pompopompo, ambiri tinathamangira pa Facebook. N'chifukwa chake anzanga mpaka lero amakangana za ndale pamenepo usiku wonse: kwa ife intaneti ndi malo amene tinayankhulirapo tsiku limene ena ankafuna tikhale chete.

Iwe unapeza zonse zilipo kale. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba mu 2013, usanadziwe n'komwe kuti ndalama inkatumizidwa kudzera kwa kondakitala wa basi. Ndipo ndinene mosabisa, pali zambiri zimene mumatiposa. Ndaona momwe umagulitsira mpunga wa Kilombero kwa anthu a ku Mzuzu osachoka pakhonde, momwe anzako amajambulira zitenje za ku Kyela n'kupeza ogula asanawoloke Songwe. Uthenga wa akuba uja woti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" iwe umangouseka, pamene amayi amaukhulupirira, chifukwa m'nthawi yawo chilichonse cholembedwa chinali ndi mwini wake wodziwika. Chimandidandaulitsa pang'ono n'chakuti pafoni mumalemba Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, Kyangonde n'kumachisiyira agogo. Ma voice note bola, chimamvekako.

Pamene mumapunthwa ndi pa liwiro. Kwa inu kukhala woyamba kuika nkhani ndi ulemerero, ndipo mumaganiza kuti status ikatha maola 24 ndiye kuti yafafanizika. Wina amakhala atajambula kale. Kuyambira 2018 nambala iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake, ndipo lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti lamangitsapo anthu chifukwa cha zimene analemba. Choopsa kuposa apolisi ndi ichi: kwathu ku Karonga nkhalamba zaphedwapo chifukwa chonamiziridwa ufiti. Kale mphekesera yotere inkayenda wapansi, ndipo mfumu inkatha kuitsekereza isanafike mudzi wachiwiri. Lero voice note imodzi ya pagulu la WhatsApp imasonkhanitsa anyamata mfumu isanamve. Chotere chikakufika, chithere mufoni yako.

Pomaliza ndikupemphe ntchito imene ine sindingaigwire ndili kuno. Ukhale pansi ndi amayi Lamulungu likubwerali, mutsegule mauthenga onse a mufoni yawo mmodzimmodzi, uwasonyeze abodza ndi enieni. Uwauze kuti PIN yawo asauze munthu aliyense, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera kukampani. Usawafulumizitse, ndipo akafunsa kawiri uyankhe kawiri. 

Upereke moni kwa onse kunyumba.

Ndine mkulu wako.