Maminitsi omwewo chaka ndi chaka



Amene munakhalapo mu sitafu pa sekondale mukuudziwa msonkhano umene umabwera zotsatira za MSCE zikangotuluka. Kwathu kuno kwa Kuntaja, pa sukulu yoyendera imene ndimaphunzitsa Masamu ndi Physics, umayamba ndi pemphero. Kenako ahedi amatulutsa chipepala chochokera ku MANEB n'kuyamba kuwerenga phunziro ndi phunziro. Likatchulidwa lako umaimirira n'kufotokoza chifukwa chake ana agwa. Zifukwazo tonse tinaziloweza kalekale: mabuku ndi ochepa, mu labu mulibe mankhwala, ana amachokera ku pulayimale Chingerezi chisanakhazikike, makolo sabwera tikawaitana. Zonsezi n'zoona ndithu, sindikunena kuti timanama. Tikatero timagwirizana kuti chaka chino tiyamba makalasi a masana, tizipereka mayeso mwezi uliwonse, tilimbikitsa ana kuwerenga. Timamwa Sobo ndi mabanzi, n'kumwazikana.

Ine ndinali mlembi wa sitafu zaka zinayi. Chaka chachitatu ndinachita chinthu chimene ndaulula kwa anthu ochepa. Ndinatenga maminitsi a chaka chapitacho, n'kungosintha tsiku ndi mayina a amene anapepesa kuti sabwera. Atawerengedwa pa msonkhano wotsatira anavomerezedwa kuti ndi olondola, wina n'kuvomerezanso kachiwiri. Ndipo sanalakwitse ayi, chifukwa zimene tinanena zinalidi zomwezo.

Ngakhale mu 2021, pamene tinkakambirana za mayeso a 2020, aja anabedwa n'kuimitsidwa mu Novembala ana n'kudzalembanso mu Januwale, palibe chinasintha. M'dziko lonse anakhoza ana pafupifupi 41 pa 100 alionse. Ife tinangowonjezera Covid-19 pa mndandanda wa zifukwa, mfundo zathu n'kukhala zomwe zija. Chimene chinkandiwawa ndi chakuti ana amene timawakambiranawo amakhala atapita kale. Ena ali pa kabaza ku Lunzu, ena akugulitsa tomato pa Lirangwe. Timakambirana za mankhwala tikuchokera kumanda.

Pa Khirisimasi ya 2023 kunabwera mwana wa mchemwali wanga, mnyamata amene amalemba mapulogalamu a kompyuta pa kampani ina ku Blantyre. Pakhomo panga netiweki imagwira bwino pansi pa mtengo wa mango basi, ndiye Lachisanu masana anakhala pomwepo, laputopu ataika pa ndowa yovundikira, akuchita msonkhano ndi anzake a kuntchito. Ine ndinali chapafupi kumata chubu cha njinga. Anasiya kaye kulankhula ndege ina ikutera pa Chileka, phokoso litatha ndinamumva akuuza anzakewo kuti ntchito ina inachedwa masiku atatu chifukwa cha iyeyo: panali china sanachimvetse ndipo anachita manyazi kufunsa. Mtima wanga unati phwii. Ndinati mwanayu akudzichotsa yekha ntchito, ndiye mayi ake adya chiyani? Koma amene anali mbali inayo sanakwiye. Mtsikana wina anati nayenso anakakamira pomwepo mwezi wathawo, ndipo anagwirizana kuti aliyense akakakamira kupitirira theka la tsiku azinena m'mawa wotsatira.

Atatseka laputopu ndinamufunsa kuti, iwe, ukuulula machimo pamaso pa abwana ako, wapenga?

Anaseka. Anati, "Amalume, abwana sakhalapo. Umenewu timautcha retrospective. Ndi wa ife ogwira ntchitofe."

Anandifotokozera kuti ntchito yawo amaidula m'zigawo za milungu iwiriiwiri, zimene amati sprint. Chigawo chikatha amakhala pansi ola limodzi. Sakambirana za katundu amene apangayo, za izo pali msonkhano wake wina. Apa amakambirana mmene agwirira ntchito: chinayenda bwino n'chiyani, chinawapunthwitsa n'chiyani, nanga asintha chiyani milungu iwiri ikubwerayi. Amasankha chinthu chimodzi, zikachuluka ziwiri, n'kutchula amene achigwire. Msonkhano wotsatira umayamba ndi funso lakuti chija chinachitika kodi.

Ndinakawerenga ndekha pa foni usiku womwewo, bandulo mpaka kutha. Nkhaniyi ili ndi mizu yake. Mu Febuluwale 2001 akatswiri 17 a mapulogalamu anakumana ku Snowbird m'chigawo cha Utah ku America n'kulemba chikalata chimene chimatchedwa Agile Manifesto. Chili ndi mfundo 12, ndipo yomaliza ndi imene imanena zoti gulu lizikhala pansi pafupipafupi kudziunika n'kusintha kagwiridwe kake ka ntchito. Kabuku ka Scrum ka Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland kamaikanso malire a nthawi, kuti msonkhanowu usapitirire maola atatu ngati chigawo cha ntchito chinali cha mwezi wathunthu, ndipo ufupikirepo ngati chinali chachifupi. Ife wathu uja umatha tsiku lonse. Chimene chinandigwira kwambiri ndi lamulo la Norman Kerth, amene anatulutsa buku la misonkhano yotereyi mu 2001. Mwachidule iye ankati musanayambe muvomereze kuti aliyense anachita zimene akanatha malinga ndi zimene ankadziwa ndi zipangizo zimene anali nazo panthawiyo. Mukapanda kutero, msonkhano umasanduka bwalo la milandu, ndipo pa bwalo la milandu aliyense amateteza khosi lake.

Ndikuwerenga choncho ndinati, kodi si SMASSE iyi? Aphunzitsi a sayansi ndi masamu mukukumbukira. Pulogalamu ija inayambira ku Kenya mu 1998 ndi thandizo la JICA, n'kufika kuno mu 2004 kudzera ku Domasi. Ankatiphunzitsa zilembo zinayi zija, PDSI: konzekera, chita, onanso mmene zayendera, konza. Tinkapita pa holide, kuphunzitsana, kudzudzulana bwinobwino, kulandira alawansi. Tikabwerera ku sukulu tinkakonzekera ndi kuchita, koma ziwiri zomalizazo zinkatsalira m'chikwama pamodzi ndi satifiketi. Choncho nzeruyi sinali yachilendo kwa ine. Chachilendo chinali kuona anthu akuichita okha, mlungu wachiwiri uliwonse, popanda wowapatsa alawansi.

Temu yachiwiri itayamba mu Januwale 2024 ndinapempha anzanga a m'dipatimenti ya sayansi, imene ndimaitsogolera, kuti tiyese. Tilipo asanu. Tinagwirizana Lachisanu lachiwiri lililonse, mu labu, mphindi 40 ana akangoweruka. Mayi a Biology anandifunsa ngati pakhala zakumwa. Ndinati sipakhala. Anati ndiye usatalike.

Anyamata a m'tauni amagwiritsa ntchito timapepala tomata tamitundumitundu. Ife tinadula kumbuyo kwa mapepala akale a mayeso. Aliyense alembe chimene chamuvuta milungu iwiriyi, osalemba dzina. Titasonkhanitsa pa tebulo, pafupifupi timapepala tonse tinkanena za malipiro, kukwera kwa mitengo pambuyo pa kugwa kwa kwacha mu Novembala 2023, kuchuluka kwa ana m'kalasi, kusowa kwa nyumba za aphunzitsi. Ndinaona msonkhano wa MSCE ukubweranso utavala malaya ena. Ndiye ndinati tiike milu iwiri: zimene ifeyo asanu tingasinthe pofika Lachisanu lina, ndi zimene zili m'manja mwa ena. Mulu wachiwiriwo unakwera. Woyambawo munali timapepala tiwiri tokha.

Koyamba kankanena kuti nthawi ya mvula ana a Fomu 1 ochokera kutali amafika piriyodi yoyamba ili pakati, ndipo masiku atatu pa mlungu piriyodiyo inali Masamu. Masamu mwana akaphonya chitsanzo choyamba, zotsalazo amangokopera. Bambo a Ulimi, munthu wamkulu wosalankhulalankhula, anati iwo angatenge m'mawawo masiku awiri chifukwa temu imeneyo ntchito yambiri inali ya kumunda wa sukulu, ndipo mwana wochedwa amangotenga khasu n'kulowa mu mzere. Tinakawauza adepyute, anasintha pa bolodi ndi choko. Zinatenga mphindi zisanu, vuto loti takhala nalo zaka.

Kachiwiri kanandilasa ine. Kanati ana a Fomu 3 akulephera Physics osati chifukwa cha Physics, koma sadziwa kutembenuza fomula. Ukawapatsa liwiro ndi mtunda kuti apeze nthawi, amaima. Amene amaphunzitsa Masamu ku Fomu 3 ndi ine, ndipo mutu umenewo ndinali nditaukankhira kumapeto kwa temu chifukwa ndinkathamangira ina imene imabwera ndi mamalikisi ambiri. Mkamwa munadzaza kale mawu odziteteza: silabasi ndi yaitali, nthawi ndi yochepa. Ndinakumbukira mphwanga pansi pa mango paja, ndinameza malovu n'kunena kuti ameneyo ndine, ndiuphunzitsa mlungu wa mawa. Ndinaphunzitsadi. Pa msonkhano wotsatira mnzangayo anabwera ndi makope a ana, osati kudzanditama, kudzangoonetsa kuti ambiri tsopano akufika pa yankho. Pa zaka zonse zimene ndaphunzitsa kanali koyamba kuona mfundo ya pa msonkhano ikubwerera ndi umboni ana ake akadali pa sukulu.

Apa ndiye pamene ndinayamba kudzimva, ndipo pamene ndinalakwitsa.

Pa msonkhano wachitatu, mnyamata wathu wa Chemistry, amene anali asanathe chaka pa ntchito, sanalembe pa kapepala. Analankhula ndi pakamwa. Anati iye titration sanaichitepo ndi manja ake. Kumene anaphunzira anali ambiri, mabyureti ochepa, iye ankangoonerera kumbuyo kwa anzake. Anati amaopa tsiku limene adzaime pamaso pa Fomu 4, madzi n'kukana kusintha mtundu. N'chifukwa chake wakhala akuphunzitsa mutuwo pa bolodi pokha, pamene ana akuyenera kudzaugwira ndi manja pa mayeso. Mu labu munati zii. Mayi a Biology aja anati, "Achimwene, bwerani Loweruka m'mawa, tidzaswe limodzi mabotolowa." Tinaseka tonse, iyenso anaseka. Ndinapita kunyumba ndikuimba mluzu.

Koma dzanja la mlembi silimva. Ndinalemba maminitsi monga ndinazolowera, wakuti ananena zakuti, dzina lake lonse, n'kuika mu fayilo ya dipatimenti. Fayiloyo imapita ku ofesi mwezi uliwonse pamodzi ndi masikimu. Patapita milungu iwiri, pa msonkhano wa sitafu yonse, ahedi ali pakati polankhula za kukonzekera mayeso anati, mwanthabwala, akumva kuti pali ena a sayansi amene amaopa zida zawo zomwe. Sanatchule dzina. Sipanafunikenso kutchula. Anthu anaseka, ena kutembenuka. Mnyamatayo anangoyang'ana pansi.

Sindikuwada ahediwo. Anawerenga zimene ndinawapatsa, ndipo mwina ankaganiza kuti akuseketsa anthu basi. Wolakwa ndinali ine. Ndinatenga chinthu chimene munthu ananena kwa anzake anayi n'kuchitumiza kwa munthu amene amalemba lipoti lakuti atsimikizidwe pa ntchito kapena ayi. Mphwanga anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti abwana sakhalapo, ine n'kumva ngati akunena za mpando chabe.

Ndinamutsatira kumene amasunga njinga n'kumupepesa. Anati, "Palibe kanthu, abwana." Chiyambireni ankanditcha achimwene. Inu Amalawi anzanga mukudziwa kulemera kwa palibe kanthu wotereyo.

Kuyambira pamenepo mu fayilo timalembamo mzere umodzi kapena iwiri: chimene tagwirizana kuchita, ndi tsiku loti chikhale chitachitika. Za amene ananena chiyani sizilembedwa, ndipo timapepala tija timatitentha m'chitini tisanatuluke. Ndinakawafotokozeranso ahedi chifukwa chake maminitsi athu afupika. Anati bola fayilo isakhale yopanda kanthu alangizi akabwera.

Nditamuimbira mphwanga kumuuza zonsezi sanadabwe. Anati kwawonso zimachitika, ndipo pali magulu ena pa kampani pawo amene msonkhanowu unasanduka mwambo chabe, anthu amalemba zoti khofi watha mu ofesi n'kumadikira ola lithe. Zinanditonthoza pang'ono kumva kuti ngakhale a malaputopu ali ndi maminitsi awo okopera.

Ifenso sikuti zonse zikuyenda. Temu yachitatu, mayeso akayandikira, timadumpha misonkhano ina. Mulu wa zimene sitingathe kusintha udakali wautali kuposa unzake, ndipo masiku ena ndimadzifunsa ngati sitikungodzisangalatsa ndi tinthu tating'ono denga likudontha. Sindinganenenso kuti zotsatira za MSCE zakwera chifukwa cha Lachisanu lathu. Zimakwera ndi kutsika pa zifukwa zambiri, ndipo ndikadana ndi munthu wa masamu amene angatenge zaka ziwiri n'kujambula nazo mzere wowongoka.

Mnyamata uja anapitadi Loweruka lija, ndi Loweruka linanso. Ana ake a Fomu 4 anagwira byureti ndi manja awo, ndipo ndinamva kukuwa kwawo ndili m'kalasi loyandikana madzi atasanduka ofiirira. Pa misonkhano amabwera, sajomba, amathandiza kudula mapepala. Koma ndimalidziwa dzanja lake. Kuyambira tsiku lija amalemba za choko, za mipando, za kiyi wa labu amene amasowasowa. Za iye mwini sanalembeponso.

Lachisanu likubwerali ndi msonkhano wina. Ndadula kale kapepala kanga, kali m'thumba la malaya. Ndalembapo kuti pali mutu wina wa Fomu 4, wa ma vector, umene ndimauphunzitsa mothamanga chaka chilichonse chifukwa inenso sindinaumvetse bwino ku koleji. Sindinaganize ngati ndikaponya pa tebulo pamodzi ndi enawo kapena ndikanena ndi pakamwa.