Musanagule magi ku Joni, funsani kaye msewu wa ku Tete

Abale ndi alongo a m'gulu lino, funso la matayala lachuluka mwezi uno, makamaka kwa amene angogula kumene galimoto ku Joni ndipo akufuna kukafika nayo kumudzi ikunyezimira. Ife amene timayenda ndi katundu pakati pa Joni ndi kwathu mwezi ndi mwezi taganiza zoyankhira pamodzi pano.

Mukayenda mu Jules Street ku Malvern, ku Booysens kapena ku Fordsburg, mupeza magi a 17 ndi 18 atapachikidwa ngati mikanda, ndipo wogulitsa akuuzani kuti akwana bwinobwino. Sakunama, pa M1 ya ku Joni akwanadi. Koma M1 ya ku Joni si M1 ya kwathu, ndipo musanafike n'komwe kwathuko muli ndi Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, Changara, Tete ndi Zobue. Ife rimu ndi tayala timasankha poyang'ana msewu umenewu ndi katundu amene tanyamula. Kukongola kumabwera pambuyo.

Tiyambe ndi manambala a m'mbali mwa tayala. Titenge 195/65 R15 91H, saizi yodziwika pa Corolla. 195 ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita. 65 akutanthauza kuti khoma la tayala, kuchoka pa rimu kufika pansi, ndi maperesenti 65 a m'lifupimo, ndiye kuti pafupifupi mamilimita 127. 15 ndi kukula kwa rimu m'mainchesi. 91 ndi mphamvu yonyamula: tayala limodzi limasenza makilogalamu 615. H ndi liwiro limene tayalalo lingapirire, makilomita 210 pa ola.

Khoma lija ndi limene limatipulumutsa ife. Galimoto ikagwa m'dzenje, khomalo limapindika n'kumeza nkhonyayo isanafike pa rimu. Mukaika 215/40 R17, khoma limatsala mamilimita 86 okha. Dzenje lomwelo limene tayala la 15 likanangodutsa, la 17 limapanikizika pakati pa rimu ndi m'mphepete mwa phula, n'kutupa chithupsa kapena kung'ambika. Komanso rimu yachitsulo ikapindika, wokonza matayala aliyense wa m'mbali mwa msewu amaiwongola ndi hamala, ulendo n'kupitirira. Magi ikasweka yasweka.

Mnzathu wina wa ku Mangochi ananyamuka chaka chatha ndi Corolla ya magi a 17, kumbuyo atadzaza mabulangete ndi mafuta ophikira. Atadutsa Cuchamano usiku anagunda dzenje limodzi, matayala awiri a mbali imodzi n'kutha, sipeya ali nalo limodzi. Saizi yakeyo sinapezeke pafupi. Anagona pamsewu masiku awiri akulondera katundu wa eni ake, mpaka anakagula marimu achitsulo a 15 ku Tete. Phindu lonse la ulendo umenewo linathera pomwepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sitikunena kuti kusintha rimu n'koletsedwa. Lamulo lathu n'lakuti kutalika kwa tayala lonse kusasinthe kupitirira maperesenti 3. 195/65 R15 ndi mamilimita pafupifupi 635 kuchoka pansi kufika pamwamba. 205/55 R16 ndi 632, ndiye zikugwirizana, ndipo khoma limatsalabe mamilimita 113. Koma 215/40 R17 ndi 604, kusiyana kwa maperesenti pafupifupi 5. Galimoto imatsika, pansi pamakhula pa mahampu, ndipo injini imazungulira kwambiri pa mtunda womwewo.

Amabaki nawo ali ndi vuto lawo, lokonda kukulitsa. Hilux yobwera ndi 265/65 R17 mukaipatsa 265/70 R17, tayala limatalika ndi maperesenti oposa 3. Sipidomita imayamba kuwerenga mochepera kuposa mmene inkawerengera kale: pamene munazolowera kuona 120, galimoto ikuthamanga makilomita ena anayi pamwamba. Wapolisi wa kamera sadzamva zoti vuto ndi tayala. Pachitunda galimoto imalemedwa, mafuta amapita, ndipo mukadzaza katundu tayala limatha kukhula madigadi pokhota.

Kwa ife amalonda, nambala yofunika kuposa zonse ndi ya kunyamula ija. Matayala ambiri a 215/40 R17 amalembedwa 83, omwe ndi makilogalamu 487, kapena 87, omwe ndi 545. Poyerekeza ndi 615, wa 83 wataya makilogalamu 128 pa tayala lililonse, 512 pa galimoto yonse, pamene iye akuonjezera katundu. Musatsike pa nambala imene opanga galimoto analemba pa kapepala ka pachitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimotoyo. Kapepala komweko kamanenanso mpweya woyenera galimoto ikakhala yopanda kanthu ndi ikadzaza.

A Quantum, apa ndiye tcherani khutu. Tayala lanu ndi 195 R15C, lolembedwa 106/104, limene limasenza makilogalamu 950. C ameneyo akusonyeza tayala la galimoto yonyamula katundu, la khoma lolimba. Tayala la galimoto yaing'ono likhoza kulowa pa rimu yomweyo n'kumaoneka bwino, koma silinapangidwire anthu 15, zikwama zawo ndi tirela kumbuyo. Ku Tete mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Tayala lolemedwa pa phula lotentha chotero limaphulika, ndipo m'galimotomo muli amayi ndi ana a anthu. Matayala a tirela nawonso muwawerenge chimodzimodzi, chifukwa ndi amene timawaiwala.

Ngati mwatsimikiza kugula magi, onani zinthu zitatu musanatulutse marandi. Choyamba ndi mabowo: Vitz, Fit ndi NP200 ndi 4x100, Polo ndi 5x100, Corolla Quest ndi 5x114.3, Quantum ndi 6x139.7. Mabowo asanu si ofanana onse, ndipo rimu yokakamiza imadula maboti. Chachiwiri ndi nambala ya ET yolembedwa kuseri kwa rimu, imene imanena mmene rimu ilowere mkati kapena kutulukira kunja. Ikhale pafupi ndi ya rimu yakale, apo ayi mabering'i amatha msanga. Chachitatu ndi manati: a magi nthawi zambiri amasiyana ndi a rimu yachitsulo, choncho sungani akale chifukwa cha sipeya, ndipo kiyi wa manati otsekera asatsale ku Joni. Mukayenda makilomita 50 kapena 100 oyamba, imani mumangenso manati onse.

Za matayala a kaunjika, yang'anani manambala anayi omaliza pambuyo pa DOT. 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lokalamba limauma ngakhale mizere ikuoneka yakuya. Chenjeraninso ndi ojambulidwanso mizere ndi mpeni wamoto, chifukwa mphira wotsala pansi pake ndi wochepa. Mpweya yezani m'mawa tayala lisanatenthe, ndipo musalitulutse mpweya masana poona kuti wakwera.

Funso limene ife timadzifunsa tisanalipire ndi ili: saizi imeneyi ikaphulika Lamlungu pa Moatize kapena pa Mwanza, tiipeza? 14, 15 ndi 195 R15C zimapezeka pafupifupi tawuni iliyonse ya msewu wathu. 18 ya khoma lopyapyala mudzaidikira pa basi yochokera ku Park Station. Ngati magi mwawakondadi, aguleni, muwakulunge m'makatoni n'kuwanyamula ngati katundu wina aliyense, mukawamange mutafika ku Limbe kapena ku Lilongwe. Ulendo wokha uyendeni ndi marimu amene galimoto inabwera nawo, ndi masipeya awiri.

Amene ali ndi funso pa galimoto yake, ajambule m'mbali mwa tayala ndi kapepala ka pachitseko, aponye m'munsimu tiwerengere limodzi. Muyende bwino nonse amene mukunyamuka sabata ino.